Timu Yanga Inali M'dzina la Alamu Anga

Amene anandilakwira ndi alamu anga, a Wyson, achimwene ake a mkazi wanga Tereza. Ndikuwatchula dzina chifukwa nkhaniyi pamsika wa ku Ndunde aliyense akuidziwa, ndipo iwonso akudziwa kuti ndimaifotokoza. Anagulitsa timu yanga ya mpira wa pa foni, timu imene ndinaimanga ndekha kwa zaka. Anaigulitsa kwa mnyamata wina wa ku Blantyre ine osadziwa, kenako n'kundiuza pamaso pa anthu kuti sinali yanga n'kale lomwe. Ena mwayamba kumwetulira, ndikukuonani. Sekani, palibe vuto, kukhoti nakonso anaseka. Koma inu mwakhala kumbuyoko, amene mwagwira foni chopingasa ngakhale ili yozimitsa, inu simukuseka. Ndadzera inuyo.

Dzina langa ndine Evance, kwathu ndi ku Likoswe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Sikuti mutu sunkagwira ayi, koma ndinamenya mnzanga mpaka anatuluka magazi m'mphuno, ndiye aphunzitsi atandiuza kuti ndibwere ndi makolo ndinangopita osabwereranso. Mtima wapachala ndinabadwa nawo. Amayi anga amati ndili khanda ndinkaluma bere mkaka ukachedwa.

Nditakwatira Tereza ndinapita kukakhala kwawo ku Ndunde, monga timachitira kuno. Ndinaumba njerwa, ndinamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi, anatigawira dimba kumunsi kwa mudzi. Bambo ake a Tereza anamwalira kalekale, choncho wamkulu wa pakhomopo, mwini mbumba, anali a Wyson. Iwo anali ndi shedi pamsika, yotchajitsa ndi kukonza mafoni, ndipo kuseri kwa katani kunali magemu. Mkamwini sabweza mawu kwa mwini mbumba, mukudziwa. Koma ine sikunali kuopa kokha. Ndinkawakonda alamu angawo, chifukwa ndi iwo anayamba kundiuza kuti pali chinthu chimene ndimachitha.

Magemu a nthawi imeneyo anali ena. Sikirini imodzi, kabokosi kakale kochokera ku Joni, mapadi awiri osewerera omatidwa ndi selotepi, batire la galimoto ndi sola padenga. Ukaluza umapereka padi kwa mnzako n'kupita kumbuyo kwa mzere anthu akukukuwiza. Gemu inali m'chimbale, chimbalecho umatha kuchigwira m'manja, kuchipukuta ndi malaya chikakana. Batire likatha, gemu yatha, tonse kunyumba. Kukachita mitambo masiku angapo tinkakumbukira kuti tili ndi makasu. Chinthu chachikulu chimene gemu ija inali nacho n'chakuti inkatha.

Kenako magemu anasamukira m'mafoni. Ndinagulitsa matimati a chaka choyamba n'kugula foni yapamwamba yakale. A Wyson anandionetsa gemu ya mpira yosewera ndi anthu a kutali, a ku Lilongwe, a ku Zambia, ena a mayiko amene sindingathe kuwatchula. Anati ndi yaulere. Inalidi yaulere kuilowetsa m'foni, koma kuti uyambe inkafuna akaunti, ndipo tsamba lake linali lodzaza ndi Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono. Ndinaliyang'ana osamvapo kanthu. A Wyson anangoti ndibweretse foniyo kuno, anagogodagogoda, n'kundibwezera zonse zitatheka. Anandiuza pasiwedi, ndinailoweza pamtima. Sindinafunse kuti imelo alembapo ndi ya ndani, nambala ndi ya ndani. Ndani amafunsa? Kuno tonse timatero. Ukagula foni umapita nayo kwa wokonza mafoni akutsegulire zonse, iwe umangolandira ikugwira ntchito n'kunena zikomo. Ambiri mwa inu muli pano simukudziwa kuti akaunti zanu zili m'dzina la ndani.

Timu ndinaitcha Mphezi.

Ndikuuzeni mmene magemu amakonowa amagwirira munthu, chifukwa ine ndinakhalamo. Amene amawapanga ndi anthu ochenjera, anatiphunzira bwino. Ukatsegula lero akupatsa kamphatso. Mawa kena kokulirapo. Ukadumpha tsiku limodzi, mzere wonse wagwa, ukuyambiranso pansi. Osewera abwino sumachita kusankha, amabwera m'timaphukusi totseka, umatsegula mtima ukugunda ngati wa munthu wa juga, nthawi zambiri mumatuluka zinyalala, koma kamodzikamodzi mumatuluka amene umamufuna, ndipo kamodziko n'kokwanira kuti ubwerenso. Sabata iliyonse kuli mpikisano watsopano umene ukutha Lamlungu. Ukangoti wapuma, gemu ija ikufuna kudzikonza yokha, ikudya bandulo yonse usanamenye ngakhale mpira umodzi. Chaka chikamatha yanenepa, foni yako yayamba kutentha ndi kukakamira, ikufunika ina. Palibe batire la galimoto lokuthamangitsa. Palibe mnzako wokulanda padi. Uli wekha, ndipo siitha.

Kutsetsereka kwake kunali kwachangu. Dimba ndinayamba kuthirira kamodzi m'malo mwa kawiri, kenako ndinkangopitako chifukwa pachulu cha kumeneko netiweki imagwira bwino. Kabichi anafota ine nditakhala pomwepo, chitini chothirira chili pambali. Nkhuku za Tereza zinasanduka bandulo imodziimodzi. Mwana wathu Tamanda atabadwa ndinkamunyamula ndi mkono umodzi, maso ali pa foni. Atayamba kuyenda ankabwera kudzagwira bondo langa, ine n'kumukankha ndi chigongono kuti asandigwedeze. Netiweki ikadula ndili pafupi kuwina ndinkatukwana, ndinkaponya chilichonse chili pafupi, kapu, nsapato, mpando. Tereza sindinamumenyepo, koma ankandizemba m'nyumba mwake momwe ngati mmene umazembera galu wolusa. Anadandaula kwa amayi ake, amayi ake anauza a Wyson, a Wyson anandiitana n'kundilangiza mawu awiri atatu, kenako n'kundifunsa kuti Mphezi yafika pati.

Inali itafika patali. Ine amene kusukulu ndinalephera, amene pamudzi ndinali mkamwini wosayankhula pa milandu, m'gemu muja anthu ankandiopa. Anyamata a m'tauni, ena a ku koleji, ankanditumizira mauthenga kufunsa kuti ndimatani. Ndiye kunamveka kuti ku Blantyre kukhala mpikisano wa maso ndi maso, woonetsedwa pa intaneti, ndipo oitanidwa ndi okhawo amene timu zawo zili pamwamba. Mphezi inali m'gulumo. Ndinauza Tereza kuti aone, ntchito imene ankainyoza ija yayamba kubala, ndipo kumeneko safunsa setifiketi. Iye anangondiyang'ana, n'kupitiriza kutsuka mbale.

Kutatsala masiku ochepa, m'mawa wa tsiku la msika, foni inakana pasiwedi. Ndinalembanso, inakana. Ndinathamangira ku shedi. Ndinapeza anthu adzaza, a Wyson ataweramira foni ya munthu wina. Ndinawauza kuti akaunti ikukana, iwo osadzutsa mutu anati ndi netiweki, ndidikire. Pomwepo panali Rashid, mnzanga wa kabaza amene ndinkapikisana naye kuyambira nthawi ya mapadi a selotepi. Rashid anatsegula gemu pa foni yake n'kundionetsa. Mphezi inali pabwalo, ikusewera nthawi yomweyo, ine nditaima m'shedi manja ali lende.

Ndinafunsanso alamu anga, mwaulemu ndithu. Anaika pansi chimene anagwira.

"Chabwino, ndagulitsa," anatero. "Imelo ndi yanga, nambala ndi yanga. Iwe unkangondisewerera."

Ndinati zaka zonse zija ndi zanga, zala ndi zanga, nkhuku zinapita zija ndi za mlongo wawo.

"Mlamu, iwe pano unabwera ndi chiyani? Ngakhale nyumba ukugonamo ili pa dothi lathu. Pita ukathirire kabichi."

Wina anaseka. Sindikudziwa kuti anali ndani. Sindikumbukiranso pamene ndinanyamula benchi. Ndikukumbukira sikirini ikuphulika, ana akuthawira pakhomo, ndi phokoso la mkono wa a Wyson pamene anautchingira kumutu. Linali ngati nzimbe ikathyoledwa pabondo. Anandigwira anthu anayi kapena asanu, Rashid ali pakhosi panga. Akanapanda kutero, bwenzi lero ndikufotokoza nkhani ya maliro, ndiponso sindikanaifotokozera pano.

Kukhoti a Wyson anabwera mkono uli m'chikhakha. Woweruza anandifunsa chimene chinandikwiyitsa, ndinati anandibera timu. Anafunsa ngati ndili ndi timu ya mpira, ndipo osewera ake amagona kuti. Anthu anaseka mpaka wapolisi anawaletsa, nayenso akuseka. Ndinayesa kufotokoza za akaunti, lilime linandilemera. A Wyson anangoonetsa imelo pa foni yawo, dzina lawo lili poyera. Woweruza anati ngakhale zikanakhala zoona, mkono wa munthu si wa pa foni. Pamenepo sananame.

Za m'ndende sindinena zambiri. Mphere, nsabwe, kugona chammbali mothithikana moti mmodzi akafuna kutembenuka mutembenuke nonse. Zala zanga zazikuluzi zinkasewera zokha pamwendo, ndili duu, mpaka anzanga ananditcha Bandulo. Tereza sanabwere ngakhale kamodzi. Amayi anga ndi amene ankabwera, ndipo ndi iwo anandiuza kuti zovala zanga zafika ku Likoswe m'thumba la feteleza, pamodzi ndi uthenga wakuti ku Ndunde ndisadzapondeko. Mudziwe kuti m'ndende sindinasinthe. Anthu amakonda kumva kuti munthu analapa m'ndende. Ine ndinkagona ndi nkhope ya a Wyson n'kudzuka nayo.

Nditatuluka ndinapita kwa amayi. Mwana sindinamuone, mkazi sindinamuone. Foni inali itagulitsidwa kalekale. Ndinayamba kachasu. Ndinkagwira ganyu m'mawa, pofika masana ndili kale pansi pa mtengo kwa amayi ena otcheza kumeneko, ndikufotokozera aliyense za Mphezi, anthu akundigulira kabotolo ka kachasu kuti ndibwerezenso pamene woweruza anafunsa kogona osewera. Ndinasanduka sewero la pamowa. Ndipo m'kati mwa kuseka konseko ndinkapanga chinthu chimodzi mumtima.

Tsiku lina la msika ndinagula petulo wa m'botolo kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu. Ndinakulunga botolo m'jumbo, machesi m'thumba la buluku. Ndinkadziuza kuti ndikangoona kaye mmene shedi yakhalira, ndidikire atseke, ndiotche zinthu zokha. Koma ndimadzidziwa. Akanangondiona n'kumwetulira, sindikanadikira chilichonse.

Ndili pa msewu, njinga yamoto inaima pambali panga. Anali Rashid. Anandiyang'ana, anayang'ana jumbo, n'kufunsa kumene ndikupita. Ndinati ku Ndunde. Anati ndikwere, akupita komweko. Panjira ankayankhula za mitengo ya zinthu, za fumbi, za mkazi wake amene anali woyembekezera. Kenako anatembenuza mutu pang'ono.

"Aise, unamva kuti gemu ija anaitseka?"

Ndinati sindinamve.

"Eni ake kunjako anangolemba kauthenga kothokoza, n'kuzimitsa. Atulutsa ina, aliyense akuyambira pansi. Mphezi kulibe. Yanga kulibe. Uja anagula kwa alamu ako anangoidyerera miyezi yochepa."

Mungaganize kuti mawu amenewo anandiziziritsa. Ayi. Anandiwotcha kwambiri. Ndiye kuti ndinagona m'ndende, ndinataya banja, chifukwa cha chinthu chimene munthu wina wosandidziwa, atakhala mu ofesi kutsidya kwa nyanja, anangochizimitsa ngati nyali. Iyeyo sindikanamufikira. Amene ndikanamufikira anali mmodzi yekha.

Ndinatsikira chapatali, n'kuzungulira kuseri kwa msika, kumene amatayako zinyalala. Dzuwa linali litapendeka koma kukutenthabe. Shedi anali ataikonza, malata ena atsopano, ena akale omwe aja. M'kati munkamveka phokoso la gemu ina yowomberana ndi mawu a anthu. Ndinagwada pafupi ndi lata lakumbuyo, ndinamasula jumbo. Chivindikiro cha botolo chinali cholimba, ndinachitsegula ndi mano, petulo n'kundilowa m'kamwa. Pa latapo panali kabowo ka msomali. Ndinaikapo diso kuti ndione pamene a Wyson akhala.

Ndinaona mwana atakhala pansi kutsogolo kwa benchi, wavala diresi yachikasu, miyendo atatambasula. Poyamba sindinamuzindikire. Anali atatalika, tsitsi atamuluka timizere. Anatembenuka, ndipo ndinaona mphumi ya amayi anga. Anali Tamanda. Ndinamva pambuyo pake kuti Tereza anayamba kugulitsa mandasi pamsika, ndiye ankamusiya kwa amalume ake. M'manja anagwira foni yakufa, yopanda galasi, imodzi mwa zimene a Wyson amachotsako zipangizo.

Mnyamata wina pa benchi anamukodola ndi phazi. "Tamanda, tationetsa. Ababa ako amasewera bwanji?"

Mwana uja anatembenuza foni chopingasa. Anaweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa. Tizala take tinayamba kuvina pa foni yakufayo, kukamwa atakumanga, mapewa atakwera. Anatero kanthawi, shedi yonse ikudikira. Kenako anadzuka, anakuwa kuti "Galu iwe!" n'kuponya foni ija pansi, n'kumenya benchi ndi kaphazi kake.

Anthu anagwa nacho chiseko. Wina anati abwereze. Kaya ankakumbukira yekha, kaya anachita kumuphunzitsa, sindikudziwa mpaka lero. Koma mapewa aja anali anga. Palibe akanamuphunzitsa mapewa. Mwana wanga, atafunsidwa za bambo ake, chimene anali nacho chinali chimenecho. Nkhope yanga sankaidziwa, ankadziwa pamutu panga ndi mawu awiri aja.

Amene sanaseke anali a Wyson. Anadzuka pa tebulo lawo, anauza anyamata aja kuti asiye kumuchititsa mwana zimenezo, n'kumunyamula. Anamunyamula ndi mkono wamanzere, chifukwa wamanja sunkawongoka. Unatsala wokhota. Anamukhazika pamiyendo pawo, tsidya lina la lata limene ine ndinagwadapo, pafupi moti ndinkatha kumva kupuma kwake. Botolo linali lotsegula m'dzanja langa, petulo wina atadontha kale pa udzu wouma.

Sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yaitali bwanji. Ndinamva munthu akukhala chonjuta pambali panga. Rashid sanapite. Anali atakankha njinga mwakachetechete n'kunditsatira.

"Fungo ndinalimva usanakwere n'komwe," ananong'ona. Anatambasula dzanja, osalanda, kungotambasula. Ndinamupatsa. Anapita pa njinga yake, anatsegula thanki, anathiramo petulo yense mpaka dontho lomaliza, n'kutaya botolo pa zinyalala. "Apa walipira ulendo wobwerera. Kwera."

Sindinalire. Titatuluka pamsika ndinamuuza aime, ndinasanza m'mbali mwa msewu.

Tsopano za mmene ndinabwerera m'chimake, chifukwa ndi zimene mwadzera. Palibe chozizwitsa chinachitika. M'mawa mwake ndinadzuka ndili Evance yemwe uja, mtima womwe uja. Choyamba ndinasiya kupita pansi pa mtengo paja. Sindinalumbire kwa aliyense, ndinangosintha njira yopitira ku ganyu, ngakhale inali yozungulira. Masabata oyamba thupi linkanjenjemera, ndinkakwiya ndi nkhuku zomwe. Amayi anandipatsa kachigawo ka dimba lawo, ndinabzala mpiru ndi anyezi, chifukwa mpiru suchedwa ndipo ndinkafuna kuona chinthu chikumera msanga. Foni ndinagula ya mabatani, yongoimbira.

Za mtima, ndinapeza njira yanga. Ine mkwiyo umayambira m'khosi, kumatentha, kenako umatsikira m'manja. Ndinaphunzira kuti ukafika m'khosi ndikhale pansi n'kukhalira manja anga, zikhatho pansi pa ntchafu. Zikuoneka zopusa, ndipo anthu anandiseka nazo. Koma munthu wokhalira manja sanganyamule benchi asanaganize. Inu mudziwe pamene wanu umayambira.

Ndinapitanso kwa aphunzitsi ena opuma ntchito kwathu kuja, amene amaphunzitsa akuluakulu madzulo, n'kuwauza kuti ndikufuna kuwerenga Chingerezi cha pa foni. Ndinakhala pamodzi ndi azimayi a msinkhu wa amayi anga, tikutchula mawu mokweza. Manyazi analipo, koma sanapose a kukhoti. Imelo imene ndili nayo lero ndinatsegula ndekha, ndipo pasiwedi yake sadziwa munthu wina aliyense. Inunso mukachoka pano kafunseni amene anakutsegulirani. Mukafunse mwaulemu, lero, zinthu zisanafike pa benchi. Ndipo ngakhale ikhale m'dzina lanu, mudziwe kuti eni ake enieni ali kutali, ndipo tsiku limene adzaone kuti yasiya kuwapindulira adzazimitsa osakufunsani.

Sindikunena kuti magemu ndi satana. Ndimasewerabe. Rashid anagula kabokosi kakale ka chimbale, Lamlungu masana timakumana kwawo anthu angapo, woluza amapereka padi. Ndikaluza kukhosi kumatentha ndithu, koma ndimapereka. Imene sindiikhudza ndi gemu iliyonse yondipatsa mphatso chifukwa chobwera mawa.

Mpiru utakula ndinayamba kuutumiza, pamodzi ndi anyezi pang'ono, ku Ndunde kudzera mwa Rashid, sabata iliyonse, wopanda uthenga. Koyamba unabwezedwa. Kachiwirinso. Kenako Rashid anabwera chimanjamanja, n'kunena kuti Tereza wati anyezi akhale ochulukirapo. Ndinadikirabe mpaka mvula inagwa n'kutha, ndipo ndinapempha amalume anga, amene anali ankhoswe a ukwati wathu, kuti akagogode. Anapita maulendo angapo. Pomaliza anabwera ndi yankho lakuti apongozi avomera kuti tikakambirane, koma a Wyson aika lamulo lawo. Ndikagwade pamaso pa onse, ndipepese za mkono, ndiponso ndinene kuti ndinawanamizira, sanandibere kanthu. Chifukwa mbiri ija inawaonongera malonda, anthu ena anasiya kuwapatsa mafoni kuti awatsegulire.

Amalume anandiuza kuti ndingonena. Anati mawu sathyola fupa, ndiwameze, ndikalowe m'nyumba mwanga. Amayi anatinso chimodzimodzi. Rashid yekha ndi amene anakana kundilangiza, anati pakamwa ndi panga. Ine ndinkafuna mwana wanga kuposa chilichonse. Koma ndinkadziwanso kuti ndikanena bodza limenelo nditagwada, ndidzalisenza tsiku lililonse pakhomo paja, ndipo tsiku lina lidzatsikira m'manja.

Tinakhala pabwalo la apongozi masana. Amuna pa mipando, azimayi pa mkeka, anthu oyandikana nawo ataima chapatali ngati akudutsa. Tereza anali pa mkeka, Tamanda atabisala kumbuyo kwake akundisuzumira. Ankhoswe anayankhula mbali zonse ziwiri, nthawi yaitali. Apongozi anati iwo alibe mawu ambiri, nyumba ndi ya mwana wawo, koma mtendere wa pakhomo uli ndi mwini mbumba. Onse anayang'ana a Wyson.

A Wyson anapinda malaya kuti mkono uonekere. Anati iwo ndi munthu wokhululuka. Anati akungofuna anthu amve kuchokera pakamwa panga kuti mnyamata wosaphunzira anasokonezeka mutu ndi zidole za pa foni, n'kunamizira munthu amene ankamudyetsa. Anamwetulira pamene ankanena mawu akuti zidole. Kukhosi kwanga kunayaka. Ndinaika manja pansi pa ntchafu, ndipo ndinaona amalume akuyang'ana pansi, akudziwa tanthauzo lake.

Tereza anadzuka. Anakoka Tamanda, anayenda naye kudutsa bwalo lonse, n'kumukhazika pamiyendo panga. Ndinachita kutulutsa manja kuti ndimugwire asagwe. Mwanayo anauma thupi, koma sanalire.

"Ayankheni achimwene," anatero Tereza. "Ndikufuna ndimve amene ndikumulandira. Wandewu ndinakhala naye kale. Wabodza sindimufuna."

Zimene ndinayankha ndi zimene zinanditsegulira chitseko cha kanyumba kaja. Ndimagonamo mpaka lero, ndipo m'mawa uno amene anandiperekeza mpaka pa msewu ndi Tamanda. A Wyson sanandigwire chanza tsiku limenelo, ananyamuka n'kupita kumsika, ndipo mpaka pano timangopatsana moni wa panjira. Koma anamva. Ndinatsika pampando, ndinagwada mwana ali m'manja, ndinawayang'ana m'maso, ndipo mawu anatuluka otsika moti anthu a chapatali aja anachita kuyandikira.

"Alamu, mkono wanuwo ndinathyola ndine. Sudzawongokanso, ndipo pa chimenecho ndagwada, pepani, ndidzapepesa nthawi iliyonse mudzafune. Koma timu ija munandibera. Ndinakupatsani foni chifukwa sindinkatha kuwerenga, ndipo inu munkadziwa. Sindikuifuna, kulibenso. Sindikumenyani, lero kapena mawa. Koma sindinena kuti ndinanama, chifukwa mwana uyu akumva."